Kumwamba Kukaphulika, Musathamangire kwa Agogo

Okondedwa omvera, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, tcherani khutu. Kumwamba kukangoti phuu! popanda ndi mtambo womwe, padoko pamabuka mtsutso. Wina akuti ndi bomba, wina akuti ndi chivomerezi ngati cha ku Salima chija cha 1989, wina akuti ndege ya ufiti yagwa. Mawu omalizawa ndi amene amaphetsa agogo osalakwa.

Abale anga, kuthamboku kumayenda miyala. Mwala ukalowa mumlengalenga ndi liwiro loopsa umatentha, umayaka, kenako n'kusweka. Kuwala kumayamba, phokoso limabwera pambuyo. Mu 1981 mwala wolemera makilogalamu oposa 90 unagwa ku Machinga, m'Malawi momwe muno. Mu 2013 wina unaphulika pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia, magalasi a mawindo n'kuvulaza anthu oposa 1,000. Kodi kumenekonso anachita ndi agogo a m'mudzi mwanu? Ayi ndithu!

Mulungu amene analenga nyanjayi ndi yemwenso analenga miyalayo. Mukaona kung'anima kotere, chokani pawindo, pempherani. Mwalawo ukapezeka, kauzeni amfumu. Koma dzanja lanu lisatole mwala wogendera nkhalamba. Mukundimva kodi? Nenani Amen!