Mwana Akaberedwa pa Gemu ya pa Foni

 Inu achinyamata mwakhala kumbuyo kwa mtengo wa mangowo, senderani kuno ndithu, chifukwa nkhani ya lero ikukhudza inu kuposa wina aliyense. Amfumu andipatsa bwalo kuti tikambirane za kanthu kamene ambiri tabwera nako pano. Abambo kali m'thumba, amayi ena mwakamangirira kunsonga ya chitenje. Ndikunena foni.

Ndifunse kaye. Ndi angati pano amene mwana kapena mdzukulu amakubwerekani foni madzulo kuti asewere gemu? Kwezani manja, musachite manyazi. Mwaona kuchuluka kwake. Tsopano manjawo akhale m'mwamba kwa okhawo amene akudziwa dzina la gemu imene mwanayo amasewera. Onse atsika. Nkhani yathu yagona pamenepa.

Ife tikukula tinkasewera fulaye, phada, chipako ndi mpira wachikulunga, ndipo amene tinkasewera nawo makolo ankawadziwa kuti uyu ndi mwana wa auje. Magemu a pa intaneti sali choncho. Mwana ali m'nyumba mwanu momwemo, wafunda ndi bulangete, koma akusewera ndi kucheza ndi anthu amene sanawaonepo, ena ali m'tauni, ena kutsidya kwa nyanja. Ambiri mwa iwo ndi ana anzake ndithu, alibe choipa mumtima. Koma pakati pawo pamakhala akuluakulu andevu zawo amene amadzitcha ana, ndipo ntchito yawo ndi kusaka.

Kuti mumvetse mmene amabera, muyenera kudziwa mmene magemuwa amapangira ndalama. Magemu ngati Free Fire, PUBG Mobile, Roblox kapena a mpira aja, kuwaika m'foni n'kwaulere, umangowononga bandulo. Koma ukalowa m'kati umapeza kuti muli msika. Kamunthu kamene mwana akuyendetsa kaja kali ndi zovala zogula, mfuti zokongola zogula, ndipo m'magemu a mpira muli osewera otchuka ogula. Msika umenewu uli ndi ndalama yakeyake. Mu Free Fire amati madayamondi, mu PUBG Mobile amati UC, mu Roblox amati Robux. Ndalama imeneyi siigula mchere kugolosale, koma kuti uipeze umalipira makwacha enieni. Mwana amene kamunthu kake kavala zaulere anzake amamuseka, chimodzimodzi mmene amasekera wopita kusukulu wopanda nsapato. Musamapeputse zimenezi. Kwa mwana wa zaka 12, kusekedwa ndi anzake kumawawa kuposa njala.

Tsono nali khomo limene wakuba amalowera. Njira yodziwika yogulira madayamondi imafuna khadi la kubanki, ndipo ana athu alibe. Choncho amapita kwa anthu a pakati, amene amapezeka m'magulu a WhatsApp ndi Facebook. Munthu amati nditumizire pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ine ndikuikira madayamondi. Ena amachitadi malonda achilungamo. Koma mwana alibe njira yosiyanitsira wachilungamo ndi kathyali, pakuti onse amalemba mawu okoma ofanana, onse amaonetsa zithunzi za anthu oyamikira. Kathyali akangolandira ndalama amamubuloka mwanayo, basi zathera pomwepo.

Ndikuuzeni zimene zinachitika kwathu, kuti musaganize kuti ndikukamba za m'mabuku. Mwana wa achemwali anga, mnyamata wa sitandade 7, wofatsa, wosaba ngakhale chipande cha nsima, ndiye ankawathandiza mayi ake kuona ndalama pa foni chifukwa maso awo savuta kutopa ndi timalemba tating'onoti. Nambala yachinsinsi ankaidziwa. Tsiku lina anaona munthu akutsatsa madayamondi pa mtengo wotsika kwambiri, natumiza K3,000 ya mayi ake, poganiza kuti adzabweza akagulitsa nkhunda zake. Madayamondi sanabwere. Munthu uja sanamubuloke ayi. Anamuuza mwaulemu kuti ndalama yakodwa m'makina, atumize ina kuti zonse zituluke pamodzi. Mwana anatumiza. Mawa lake anauzidwa kuti patsala kamsonkho kochepa. Anatumizanso. Pomwe achemwali ankapita kwa ejenti kukatapa ndalama ya fetereza, anapeza m'foni muli mbee.

Kwa masabata awiri mwanayo ankangotola nsima pang'ono, usiku osagona, m'mawa ati mutu ukuwawa sapita kusukulu. Tonse tinkaganiza malungo. Nditakhala naye pansi n'kumufunsa chifukwa chimene sananenere tsiku loyamba lomwe, anandiyankha misozi ili chuchuchu kuti ankaopa chikwapu, ndipo ankafuna abweze kaye ndalamayo mayi asanadziwe.

Taganizirani bwino nkhani imeneyi. Ndalama imene inapita chifukwa cha dyera la mwana ndi K3,000 yoyamba ija yokha. Ina yonseyo inapita chifukwa cha mantha. Wakubayo sanali wanzeru kuposa ife. Ankangodziwa chinthu chimodzi, chakuti mwana amene walakwitsa sauza makolo, ndipo achita chilichonse kuti akwirire cholakwacho. Chikwapu chimene achemwali anga sanachinyamule n'komwe, chimene chinali m'maganizo mwa mwana chabe, ndicho chinagwirira ntchito mbava ija. Ine mpaka lero zimandipweteka kuti mwana anasenza katundu wotere yekha masiku onse aja, ife tikudya naye m'mbale imodzi.

Sikuti ndikunena kuti mwana asadzudzulidwe. Kutenga ndalama ya kholo osapempha ndi kulakwa, ndipo mlangizeni ndithu. Koma chilichonse chili ndi nthawi yake. Mwana akagwera m'chitsime umayamba wamuvuula, zomufunsa chimene amakafuna kuchitsimeko zimabwera atauma. Muuzeni mwana wanu lero, zinthu zisanachitike, kuti: "Ukadzaberedwa pa foni, kaya walakwa ndiwe, udzabwere kwa ine tsiku lomwelo. Ndidzayamba ndakuthandiza." Ndipo mawu amenewo mudzawasunge, chifukwa akadzabwera inu n'kuthyola nthambi ya mpichesi, sadzabweranso, ndipo azing'ono ake aona.

Ena mukuti njira yachidule n'kungomulanda foniyo. Ndikumvetsa. Koma foni si yanu yokha m'mudzi muno. Apita kwa mnzake amene bambo ake anatumiza foni kuchokera ku South Africa, apita kumsika kumene amatchajitsa mafoni, ndipo kumeneko asewera inu osaona chilichonse. Kuli bwino asewere pakhonde panu, nthawi imene mwagwirizana, inu muli pompo. Tsiku lina mumufunse kuti akuonetseni mmene gemuyo imayendera, amene akusewera nayewo ndi ndani, anadziwana bwanji. Mudzadabwa mmene mwana amamasukira kholo likachita chidwi ndi zimene iye amakonda.

Inu ana kumbuyoko, ndani wa inu amatchera mbewa? Ambiri. Pa diwa paja mumaikapo chiyani? Chimanga kapena mtedza. Mumaikapo chifukwa mumazikonda mbewazo? Ayi. Tsono mukaona uthenga wakuti dina apa ulandire madayamondi aulere, dziwani kuti imeneyo ndi njere ya pa diwa. Ukadina linki imeneyo pamatseguka tsamba looneka ngati la gemu yeniyeni, mitundu yake yomweyo, n'kukuuza kuti ulembe nambala ya foni ndi pasiwedi ya Facebook kapena ya Google. Ukangolemba, wapereka kiyi wa nyumba. Akaunti ya gemu imene wavutikira chaka chathunthu yapita, akaigulitsa kwa wina. Ndipo ngati Facebook imeneyo ndi ya amayi ako, wakubayo ayamba kulembera abale onse m'dzina lawo kuti ndili kuchipatala, nditumizireni ndalama msanga.

Palinso timanambala 6 timene timabwera pa meseji. Wina m'gemu amauza mwana kuti ndakulembetsa mu mpikisano, pabwera nambala pa foni yako, undiwerengere. Nambala imeneyo ndi imene WhatsApp imatumiza munthu akafuna kutsegula akaunti yanu pa foni ina. Akaipeza, WhatsApp yanu yasamukira kwa iye pamodzi ndi magulu onse, la kutchalitchi, la kumzikiti, la banki m'khonde. Nambala yobwera pa meseji siiuzidwa kwa munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni. Wa kampani weniweni safunsa nambala yachinsinsi. Chimodzimodzinso mapulogalamu amene anzanu amakutumizirani kuti iyi ndi gemu yothyoledwa, ili ndi ndalama zosatha. Ena mwa iwo amabwera ndi kachilombo kowerenga mameseji a m'foni. Gemu itengedwe ku Play Store basi.

Za kandege mukuzidziwa, Aviator uja. Ana amakaona ngati gemu chifukwa kali pa foni ndipo kamauluka, koma ndi juga, ndipo malamulo salola munthu wosakwana zaka 18 kubetcha. Pamwamba pa jugayo pali akamberembere ena ogulitsa pulogalamu imene amati imalosera nthawi imene kandegeko kathawe. Munthu wokhala ndi chinsinsi chotere akanachigulitsa kwa mwana wasukulu pa K2,000? Akanakhala chete n'kumadya yekha.

Tsopano ndipepese kwa amfumu ndi akuluakulu onse, ndilankhula mosapsatira chifukwa nkhani iyi ndi yolemera kuposa ndalama. Pali ena amene safuna makwacha poyamba. Amayamba ndi ubwenzi. Amasewera ndi mwana masabata angapo, kumuyamikira, kumugulira madayamondi, nthawi zina kumutumizira mayunitsi. Kenaka amati tichoke m'gemu muno tizikacheza pa WhatsApp, ndipo usauze aliyense. Pamapeto amapempha chithunzi chosavala. Mwana akangotumiza, nkhope ya bwenzi ija imasintha. Amamuopseza kuti akapanda kutumiza ndalama kapena zithunzi zina, aonetsa kusukulu ndi kwa makolo. Musaganize kuti izi zimagwera atsikana okha, anyamata akukodwa kwambiri, ndipo iwo ndiye amabisa koposa chifukwa tinawaphunzitsa kuti mwamuna salira. Zikachitika musalipire, chifukwa wolandira kamodzi amabweranso. Musamuyalutse mwanayo pamudzi. Iye ndi wolakwiridwa. Malamulo a dziko lino, kuyambira 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la 2016 loona za pa intaneti limati kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za mwana ndi mlandu. Wamlandu ndi wopempha chithunziyo. Mwana akayamba kukhala ndi mayunitsi kapena bandulo zimene inu simunagule, funsani mwachifatse kuti zikuchokera kuti.

Nanga zikachitika mutani? Mtima umafuna kufufuta zonse kuti zisaonekenso, koma musafufute. Mameseji aja, nambala imene ndalama inapitako, dzina limene linatuluka potumiza, tsiku ndi nthawi, zonsezo ndi umboni. Masimu khadi masiku ano amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, choncho nambala ili ndi poyambira kufufuza. Tsiku lomwelo sinthani nambala yachinsinsi, dziwitsani kampani ya foni yanu, kenaka pitani kupolisi. Sindikulonjezani kuti ndalama idzabwerera. Kawirikawiri wakuba amaitapa msanga, n'chifukwa chake kuchedwa kwa masabata awiri kuja kumapweteka. Ikakhala nkhani ya zithunzi kapena kuopsezedwa, kupolisi funsani ofesi ya Victim Support, kumene nkhani za ana amazimvera poduka mphepo. Pali nambala yaulere ya ana, 116, ya Tithandizane. Inu ana, ilowezeni pamtima. Ngati zakukanikani kuuza mayi kapena bambo, imbani pamenepo, kapena uzani aphunzitsi, azakhali, amalume, kapena a komiti yoteteza ana ya m'mudzi muno. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye inu akuluakulu mwana wa eni akakudandaulirani, musayambe ndi kukalengeza pamjigo.

Agogo amene mumadalira adzukulu kukuwerengerani za pa foni, makamaka amene mumalandirirapo Mtukula Pakhomo kapena thandizo la ana anu a kutali, palibe chochititsa manyazi. Mdzukulu awerenge, koma ikafika nthawi yolemba nambala yachinsinsi, tengani foniyo mudinde nokha. Ngati manja kapena maso sakulolani, sankhani munthu wamkulu mmodzi wokhulupirika, ndipo muzifunsa ndalama yotsala kawirikawiri. Nambalayo isakhale chaka chimene munabadwa kapena 1234. A msungichuma a banki m'khonde, inu ndiye ndikupempheni mwapadera: simu khadi yosungira ndalama za gulu isalowe m'foni imene ana amaseweretsa.

Dzuwa lapendeka ndipo ena muli ndi ziweto zoti mukatsekere. Amene mwabwera ndi foni musathamangire kunyumba tikatseka. Ndikhala pa benchi apo ndi anyamata awiri a komiti, tikuonetsani mmene mungasinthire nambala yachinsinsi ndi mmene mungaikire loko wachiwiri pa WhatsApp, koma manambalawo mudinda nokha ife titayang'ana kumbali. Mwana amene ali ndi nkhani yoti sanganene pagulu andipeze mawa kusukulu nthawi yopuma, ndidzakhala mu ofesi ya a hedi mpaka masana. A Gulupu, ndabweza bwalo m'manja mwanu.