Mlonda Wosagona: Mawu a Mnzathu pa Msonkhano wa Pachaka ku Mulanje



Komiti yathu yapempha kuti ndalama za chaka chino tigulire alamu ya moto yoika ku hositelo ya atsikana. Ena afunsa kuti, kodi belu la sukulu silokwanira? Yankho langa n'lakuti belu limadikira munthu amene ali maso, pamene moto wa m'hositelo umakonda usiku. M'chaka cha 2001, ana 67 anafera m'moto pa sukulu ya Kyanguli ku Kenya. Mu 2024 anyamata 21 anafanso chimodzimodzi pa sukulu ya Hillside Endarasha m'dziko lomwelo.

Tsono alamuyo imagwira ntchito motere. Pakhoma pamakhala bokosi limene ndi mutu wa zonse. Nyumba imagawidwa m'zigawo, monga chipinda chogona, khonde ndi sitolo. Chigawo chilichonse chili ndi mawaya awiri ochoka m'bokosimo, odutsa pa tizida tonunkhiza utsi ta kudenga ndi pa mabatani ofiira oboola ndi chala. Kumapeto kwa mawayawo amaikako kachida kochepetsa mphamvu ya magetsi, kotchedwa rezisita.

Usana ndi usiku bokosilo limatumiza timagetsi tochepa m'mawayamo ndi kuyeza tomwe tabwerako. Tikabwera pa muyeso wake, zonse zili bwino. Utsi ukalowa m'kachida kena, magetsi amachuluka, mabelu amalira, ndipo nyali yofiira imaonetsa chigawo chimene chili ndi moto. Khoswe akadula waya, magetsi sabwerako konse. Apo bokosilo limayatsa nyali yachikasu ndi kulira pang'onopang'ono kuti pali vuto. Mawaya awiriwo akagundana, limadziwanso.

Apa m'pamene pagona chenjezo langa. Mmisiri waulesi amatha kumangirira rezisita ija m'bokosi momwemo kuti nyali yachikasu izime. Akatero, bokosi limaona ngati zonse zili bwino ngakhale waya ataduka kudenga. Choncho tsiku lolandira ntchito, tiuze mmisiri amasule waya pa kachida komalizira ife tikupenya. Nyali yachikasu ikapanda kuyaka, tisalipire.

Za kuzima kwa magetsi sindingakuphunzitseni. Tonse tikukumbuka mdima umene unatsatira namondwe Ana mu 2022, Kapichira itaonongeka, ndi Freddy mu 2023. M'bokosimo mumakhala mabatire awiri a mavoti 12, ndipo muyeso wa ku Britain umafuna kuti asunge alamu maola 24, n'kutsalabe ndi mphamvu yoliza mabelu mphindi 30. Mabatirewa amafuna kusintha pakapita zaka ngati zinayi. Chinyontho cha chiperoni, fumbi ndi tizilombo zimasokoneza tizida ta kudenga, motero tipatule ndalama zokonzera chaka ndi chaka.

Ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, bokosi likhale pafupi ndi chipinda cha matironi, osati mu ofesi yokhoma usiku. Chachiwiri, aziyesa batani limodzi sabata iliyonse ndi kulemba m'buku. Chachitatu, zitseko zizitsegukira kunja, ndipo pasamakhale loko ya kunja ana ali m'kati. Blantyre ili pa mtunda wopitirira makilomita 60. Chimene chingapulumutse ana athu ndi kudzuka msanga ndi kupeza khomo lotseguka.

Mutu umodzi susenza denga. Msungichuma ali pakhomopo ndi buku lake.