Udindo wa dalaivala pa anthu oyenda pansi

Mudzi uno uli m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo ana athu amawoloka tala m'mawa uliwonse popita kusukulu. Nkhani ya lero ndi yathu tonse.

Mwana akagundidwa, anthu amathamangira kunena kuti anawoloka osayang'ana. Mwina n'zoona, koma lamulo silithera pomwepo. Amene wagwira chiwongolero ali ndi udindo wosamala aliyense amene ali pamsewu, kaya ndi mwana, gogo woyendera ndodo, ngakhale munthu woti walawako. Khoti limafunsa kuti dalaivala wosamala akanatani pamalo amenewo. Akaona ana m'mbali, ayenera kudziwiratu kuti mwana amatha kulumphira mumsewu nthawi iliyonse. Akafika pamsika anthu atadzaza mpaka m'tala, achepetse liwiro, asadikire kuti anthuwo amuthawe. Kuliza hutala sikumuchotsera mlandu ayi. Ndipo dziwani ichi: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imayenda mabuleki atapondedwa umawirikiza kanayi. Inu anyamata a kabaza wa njinga zamoto, ndikunena inunso.

Ngozi ikachitika, dalaivala ayenera kuima, kuthandiza wovulala ndi kukanena kupolisi. Koma apa, abale anga, ifenso tili ndi mlandu. Madalaivala ena amathawa poopa kumenyedwa ndi kuotcheredwa galimoto. Ife tikamatola miyala, wovulala uja akungotaya magazi, ndipo galimoto imene ikanamutengera kuchipatala yapita. Zimenezi zimandipweteka kwambiri. M'malo mwa mwala, gwirani cholembera mulembe nambala ya galimoto ndi mayina a anthu amene aona.

Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act, limati galimoto ikhale ndi inshulansi yolipira anthu amene yawavulaza. Ndiye musalandire kandalama ka m'manja pamsewu n'kuvomera kuti nkhani yatha, chifukwa bala la m'kati limaonekera pambuyo, ndalama ija mutadya kale. Tengani lipoti la polisi ndi la kuchipatala, musunge malisiti onse. Ngakhale wovulala atalakwitsako, chipukuta misozi sichifa ngati dalaivala nayenso sanasamale. Khoti limangochichepetsa molingana ndi gawo la kulakwa kwa wovulalayo. Amene alibe ndalama ya loya akafunse thandizo ku Legal Aid Bureau, ndipo asachedwe, poti nthawi yokadandaula ili ndi malire.

Nafenso tichite mbali yathu. Kuno galimoto zimayenda kumanzere, ndiye inu yendani kumanja kuti muziziona zikamabwera, ndipo usiku valani zowala. Mafumu, ndikupempha kuti lero lomwe tisankhe akuluakulu oti azisinthana kuwolotsa ana m'mawa ndi poweruka.