Thupi silizolowera mankhwala opopera

Chomwe tatumidwa chaka chino n'chimodzi: thonje lisanayambe kupoperedwa, banja lililonse likhale litasankha munthu mmodzi wamkulu, wathanzi, woti azisungunula ndi kupopera mankhwala ataphimba thupi, ndipo akaweruka azisamba ndi sopo asanagwire chakudya kapena fodya. Kwanu amapopera ndani? Mwana wasukulu Loweruka, kapena agogo anyamata akapita ku ganyu. Mumatakasa ndi chiyani? Kamtengo, kakasowa ndi dzanja. Ndamva, tipitirire.

M'magazi ndi m'mitsempha mwathu muli chinthu chomwe achipatala amati cholinesterase. Chimagwira ntchito ngati buleki ya njinga: ubongo ukalamula mnofu kuti ugwire ntchito, icho chimazimitsa lamulolo kuti mnofuwo upume. Dimethoate, chlorpyrifos, carbaryl, ngakhale Actellic wothira m'chimanga uja, amapha tizilombo poononga chinthu chomwechi, ndipo sasankha kuti uyu ndi mbozi, uyu ndi mlimi. Chikachepa m'thupi, mutu umawawa, thukuta ndi malovu zimachuluka, kadontho kakuda ka m'diso kamachepa, m'mimba mumatsegula, minofu imanjenjemera, kenako chifuwa chimabanika. Ambiri amangoti ndi malungo kapena dzuwa. Cypermethrin ali m'gulu lina ndipo sagwira chinthu chimenechi, komabe kuyabwa kwa kumaso kuja mukukudziwa. Choopsa n'chakuti mlingo wa cholinesterase m'magazi umatsika munthu akadali kuyenda bwinobwino. N'chifukwa chake ku California, m'dziko la America, opopera amayezedwa magazi ntchito isanayambe, ndipo mlingo wa m'maselo ofiira ukatsika kufika pa 70 pa 100 ya momwe unalili, munthuyo amayamba waimitsidwa. Carbaryl amamasula cholinesterase msanga, koma dimethoate ndi anzake amagwiritsa, mpaka thupi litapanga maselo atsopano, ndipo selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120. Wopopera sabata ndi sabata amaonjezera poizoni pa magazi omwe sanabwerere mwakale.

Agogo kumbuyoko akuti apopera kuyambira nthawi ya a Kamuzu ndipo sanagonekedwepo m'chipatala, thupi linazolowera. Agogo, mawu anuwo ali ndi mbali yoona. Munthu wopopera kawirikawiri amatha kusiya kumva mutu ndi nseru. Chomwe chazolowera ndi kamvedwe kokha, magazi ayi. Mlingo uja umakhala uli pansi, ndiye tsiku lomwe sipuleya yadontha pamsana kapena botolo latayikira m'manja, palibe potsalira. Kuonjezera apo, chiwindi ndi impso, zomwe zimasefa poizoni, zimachepa mphamvu ndi ukalamba, ndipo amene ali kale ndi chifuwa, mtima kapena BP sapirira kubanika monga mnyamata. Mwana naye ali pangozi mwa njira yake. Khungu lake n'lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwake, choncho dontho lomwelo limamulowa kwambiri, ndipo mwa ana aang'ono mphamvu ya thupi yophwanya mankhwalawa imakhala isanakhwime. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asayandikire n'komwe.

Tisaiwale zomwe zinachitika m'midzi yambiri ntchemberezandonda zitabuka mu 2017. Anthu ankasakaniza mankhwala awiri atatu m'chigubu chimodzi, n'kumathira m'mitima ya chimanga ndi manja, ana akuthandizira. Mpaka lero mabotolo otha amasungiramo mchere ndi mafuta ophikira, otsala amabisidwa pansi pa kama, ndipo ena amagula mankhwala otsanulidwa m'kabotolo kopanda chizindikiro pamsika. Wodwala ndi mankhwala otero adokotala amavutika kudziwa chomwe chamulowa. Mankhwala oyenera ndi okhawo ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, ali m'botolo lake lolembedwa.

Agogo abweranso: zovalazo n'zodula, ndipo akamaliza amamwa mkaka kuti utsuke m'thupi. Tiyambe ndi mkakawo. Mkaka sutsuka chilichonse, chifukwa pantchito ya kumunda poizoni wambiri amalowera pakhungu, ndipo mukamafika kunyumba amakhala ali kale m'magazi. Ndalama ya mkakayo gulani sopo. Za zovala, inde ovolosi ndi yodula, koma malaya a manja aatali, buluku, jombo, chipewa ndi magolovesi a labala zimatchinga kwambiri, ndipo magolovesi ake mabanja angapo angathe kusonkherana. A nsalu ayi, amamwa mankhwala n'kumawasunga pakhungu tsiku lonse. Nthawi yoopsa kuposa zonse ndi yosungunula, pomwe mankhwala asanalowe madzi. Poperani m'mawa kapena madzulo, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu, ndipo kamwa ya sipuleya ikatsekeka musaipuzire ndi pakamwa. Zovalazo muzichapa pazokha, kutali ndi chitsime.

Wina akayamba kutuluka malovu ndi thukuta atapopera, muvuleni zovala, mumusambitse ndi sopo, osamusanzitsa, ndipo muthamangire naye kuchipatala mutanyamula botolo la mankhwalawo, kuti akam'patse atropine msanga. A mfumu, tisanabalalike, banja lililonse litchule dzina la wopopera wake kwa mlembi.