Woponya nayenso agwire bati

Pamsonkhano wa kalabu wa mwezi uno tinakambirana za timu yathu ya atsikana ya softball. Anzathu amene simunabwere munapempha kuti tiike pano zimene mmodzi wa osewera a timu yaikulu anayankhula. Nazi.

 

Nkhaniyi mukuidziwa kale, yakhala ikumveka pagalaundi ndi pagulu lathu la WhatsApp. Mwana akaonetsa kuti ali ndi dzanja loponya, kodi tizimusiya aziponya basi, kapena nayenso azimenya mpira ndi kusewera malo ena? Mbali yanga ndinenerethu. Mwana wosakwana zaka 14 tisamumangirire pamalo amodzi. Aziponya, azimenya, ndipo akhale ndi malo achiwiri amene amawadziwa bwino.

Makolo ena softball mwaionera kamodzi kapena kawiri, ndiye ndifotokoze pang'ono. Timu yomwe ikutchinga imaika anthu 9 m'bwalo. Woponya, amene timati pitcher, amaima pakati, ndipo amaponyera pansi, mkono utazungulira ngati gudumu. Kwa atsikana akuluakulu mtunda wochoka pamene iye waima kukafika kwa womenya ndi mamita 13, kwa ana a zaka 12 ndi mamita 12. Palibe chimene chimachitika m'bwalo iye asanaponye. Ndiye pali lamulo lina lotchedwa DP ndi FLEX. Limalola timu kulemba anthu 10: mmodzi amangotchinga osamenya, wina amamenya m'malo mwake. Lamuloli ndi limene limapatsa makochi mpata wouza woponya kuti, "Iwe bati usaigwire, tikumenyera."

Amene akufuna kuti woponya aziponya basi ali ndi mfundo, ndipo tisawanyoze. Akuti m'mera mpoyamba. Kuponya kwa softball n'kovuta, kumafuna zaka, ndiye nthawi yochepa imene tili nayo pothawa dzuwa ndi homuweki aithere pa chinthu chimodzi. Akutinso akamamenya akhoza kugundidwa ndi mpira pachala, kapena kubinya mwendo pothamangira base, gemu n'kuthera pomwepo. Ndiponso akuti akakhala pabenchi anzake akumenya amapumako. Zonsezi n'zoona. Ngakhale kunja kuli akatswiri ngati Monica Abbott wa ku America, amene anatchuka ndi kuponya kokha. Mu 2012 anaponya mpira pa liwiro la makilomita pafupifupi 124 pa ola.

Koma pajatu Abbott tikumukamba ali wamkulu kale. Mwana wa zaka 11 palibe amene akudziwa kuti thupi lake lidzakhala lotani akadzafika 17. Amene lero akuoneka wamtali ndi wamphamvu kuposa anzake, mwina wangofulumira kukula. Zaka ziwiri zikubwerazi anzake amupeza, ena amupitirira. Tsiku limenelo kukabwera woponya wina womuposa, iye apita kuti? Bati sanaigwirepo. Mpira wogudubuzika pansi sadziwa kuutola. Wam'mwamba akuuthawa. Malo amene atsala ndi pabenchi, ndipo tonse tikudziwa kuti mtsikana akakhala pabenchi milungu itatu yotsatizana, wachinayi sabweranso. Timakhala tamutaya ife eni, titamugwiritsa ntchito kuti tiwine magemu a ana.

Chachiwiri, woponya akangotaya mpira m'dzanja amasanduka wotchinga ngati wina aliyense, ndipo ndi iye amene amakhala pafupi kwambiri moyang'anizana ndi womenya. Mpira womenyedwa mwamphamvu ukalunjika kwa iye umafika sekondi isanathe. Womenya akaugunditsa pang'ono kuti ugwe patsogolo, zimene timati bunt, woponya ayenera kuuthamangira, kuutola, n'kuuponya molondola ku first base. Kuponya kumeneko n'kwa pamwamba pa phewa, kosiyana ndi kumene wakhala akuphunzira tsiku ndi tsiku. Mwana amene wasewerako shortstop kapena third base maso ndi manja ake zinazolowera. Amene sanatulukepo m'bwalo lake lozungulira lija amatseka maso. Ndiye kusewera malo ena ndi chitetezo cha nkhope yakenso.

Chachitatu, kumenya kumaphunzitsa kuponya. Ine ndimasewera catcher, ndimakhala chonjuta kumbuyo kwa womenya gemu yonse, ndiye ndimaona. Woponya amene amamenyanso amadziwa mmene mtima umagundira ukakhala ndi ma strike awiri. Amadziwa kuti munthu akayembekezera mpira wothamanga n'kulandira wochedwa, miyendo imamuthawa. Akaona womenya waima kutali ndi mbale ija amadziwa koponyera popanda wina kumuuza. Zimenezi sungaziphunzire utakhala pabenchi. Umaziphunzira utaima pamenepo wekha, bati ili m'manja, mawondo akunjenjemera.

Tsono pali bodza lina limene limayenda kwambiri, lakuti kuponyera pansi sikupweteka mkono, ndiye mwana akhoza kuponya magemu atatu tsiku limodzi. Ayi ndithu. Phewa, mnofu wa kutsogolo kwa mkono, msana ndi bondo lopondera zimatopa, makamaka kwa mwana amene mafupa ake sanakhwime. Anthu amakonda kutchula Yukiko Ueno wa ku Japan, amene pa Olimpiki ya ku Beijing mu 2008 anaponya mipira 413 m'masiku awiri, dziko lake n'kugonjetsa America 3-1 mu fainolo. Inde anachita zodabwitsa. Koma anali ndi zaka 26, ali ndi madokotala ndi ophunzitsa omuyang'anira. Ifeyo tili ndi botolo la madzi ndi kabokosi ka mankhwala. Mwana wathu akavulala phewa, ndi inu makolo mudzayenda naye kuchipatala, ndipo cholembera cha mayeso adzagwira ndi dzanja lomwelo.

Kwa amene mukuti kuchita ziwiri kumachepetsa luso, tamvani mayina awa. Lisa Fernandez wa ku America anali woponya komanso wa third base. Anapata mendulo zagolide zitatu za Olimpiki, mu 1996, 2000 ndi 2004. Ku Athens mu 2004, kuwonjezera pa kuponya, anamenya bwino koposa theka la maulendo amene anaima ndi bati. Jennie Finch, mnzake wa timu ya 2004 yomweyo, ali ku University of Arizona ankati akapanda kuponya amasewera first base, ndipo ankamenya. Pa Olimpiki ya ku Tokyo yomwe inachitika mu 2021, Yamato Fujita wa ku Japan, amenenso ndi woponya, anamenya ma home run atatu, timu yake n'kutenga golide. Sindikunena kuti mwana aliyense adzakhala Fernandez. Ndikungoti khomo limenelo tisalitseke ife iye ali Sitandade 6.

Tibwerenso kwathu kuno. Matimu akunja ali ndi ana ambirimbiri oti asankhepo. Ife tsiku labwino timakwana 12 kapena 13. Wina akadwala malungo, wina atumidwa kuchigayo, wina ali kumaliro kumudzi, ndiye tatsala 9 ndendende. Zikatero DP timutenga kuti? Woponya amenya basi, afune asafune. Kuli bwino akhale ataphunzira kale kusiyana n'kukayambira pa gemu, anthu akumuseka. Komanso taganizirani izi. Woponya wathu akalemba mayeso a Sitandade 8 n'kusankhidwira kusukulu yogonera komweko, kapena makolo ake akasamuka, timu imatsala ndi ndani? Ngati zaka ziwiri zonse ankaponya yekha, palibe wina amene anayesapo. Mutu umodzi susenza denga. Nthawi iliyonse imene woponya wathu woyamba wapita ku first base, mwana wina amapeza mpata woima pakati paja. Kumasula mmodzi n'kumene kumatipatsa oponya atatu.

Ndiye ndili ndi mapempho anayi, a kochi ndi a komiti muwaganizire.

Loyamba, mu timu ya ana osakwana zaka 14 aliyense wolembedwa tsiku limenelo azimenya, woponya yemwe. Ku Little League, bungwe lalikulu la masewero a ana la ku America, kuli lamulo loti mwana aliyense wabwera alowe m'bwalo ndipo amenye kamodzi ngakhale pang'ono. Ife tikhoza kupanga lathu.

Lachiwiri, woponya aliyense akhale ndi malo achiwiri, ndipo pa pulakatisi azipatsidwa nthawi yake pamalopo. Tsiku limene waponya kwambiri tizimuika ku first base kapena kunja kumene mipira simabwera pafupipafupi. Asachoke poponya n'kukakhala catcher tsiku lomwelo, chifukwa catcher amabweza mpira uliwonse, mkono supuma.

Lachitatu, tikhale ndi ana osachepera atatu amene akuphunzira kuponya nthawi zonse, ndipo onse aziponya pa gemu yeniyeni, osati pa pulakatisi pokha. Poyamba adzaphonya kwambiri, tidzaluza magemu amene tikanawina. Tivomereze zimenezo lero lino, kuti tsiku limenelo pasadzakhale wokuwiza mwana kapena wonyoza a kochi pa WhatsApp.

Lachinayi, za mantha a kuvulala zija tizithane nazo ndi zipangizo ndi maphunziro. Womenya aliyense avale helimeti. Ana aphunzitsidwe kutembenuza thupi mpira ukamabwera pa iwo, ndi kutsetsereka bwino pa base. Ndalama ya kalabu ikapezeka, chotchinga kumaso cha woponya chikhale poyamba, majezi atsopano pambuyo.

Akafika zaka 15 kapena 16 nkhani imasintha. Thupi laoneka, mtima wake waudziwa. Ngati iye mwini anena kuti akufuna kulimbikira kuponya kokha, timuthandize ndi mtima wonse. Koma asankhe atalawa zonse, ndipo asankhe yekha.

Inu ang'onoang'ono, mawu anga omaliza ndi anu. Ngati ndinu woponya, Lachitatu likubwerali pa pulakatisi mutenge bati, mufole pamzere ndi anzanu. Ngati simunaponyepo koma mumasirira, kauzeni a kochi, musachite manyazi. Softball ikubwereranso ku Olimpiki ku Los Angeles mu 2028, ndipo mukadzaonera mudzayang'anitsitse kuti ndi angati mwa oponya aja amene akugwiranso bati.

Makolo, tikupempha kuti mutithandize pa mfundo yachitatu ija, chifukwa ndi imene idzapweteke.