Tisanagule pikiapu ya kalabu, tiwerenge matumba



Makalabu ena akusonkherana ndalama zogulira pikiapu yogwirapo kale ntchito, yokoka mateyala onse anayi, kuti zokolola zathu zizifika kumsika ngakhale misewu itaterera m'dzinja. Maganizowa ndi abwino, koma ndalamazi ndi thukuta la alimi, tisazitaye.

Wogulitsa akati "siimwa mafuta", timufunse kuti imanyamula matumba angati. Suzuki Carry ya injini ya 660cc imamwadi pang'ono, koma malire ake ndi makilogalamu 350, matumba 7 a makilogalamu 50. Toyota Hilux ya dizilo imanyamula pafupifupi tani imodzi, matumba 20. Katundu amene Hilux imatenga ulendo umodzi, Carry imayendera katatu. Choncho tiziwerenga malita pa thumba, osati pa kilomita pokha.

Tiyese tokha: tidzaze thanki, tikweze katundu, tiyende makilomita 100, kenako tidzazenso kuti tione malita amene yamwa. Makaniko wathu ayang'ane dzimbiri kunsi kwa galimoto, alowetsenso giya ya 4WD kuti amve ngati ikugwira. Blue book ndi COF tizione tisanalipire. Tikagula, pa tara 4WD tizichotsa, chifukwa imatha mafuta ndi mateyala.