Mwana wa mayi wokolopa m'nyumba za eni

Munatipempha kuti tikambepo za mayi mmodzi amene anatsegulira anzake njira, ndiye tasankha Dr. Patricia Bath, dokotala wa maso wa ku America. Tiyambira kwa makolo awo, poti ndi pamene nkhaniyi yatigwira mtima ife a pamsika.

A Bath anabadwa mu 1942 ku Harlem, dera la anthu akuda mumzinda wa New York. Bambo awo, a Rupert, ochokera ku Trinidad, ankayendetsa sitima ya pansi panthaka. Amayi awo, a Gladys, ankakolopa m'nyumba za eni, kandalamako n'kumasungira sukulu ya ana. Ife oponya masheya sabata ndi sabata kuwawa kwake tikukudziwa: ndalama ili pampango, pakhomo palibe ndiwo, koma osaikhudza. Ndalama ya kukolopayo ndi imene inathandiza mtsikanayu mpaka anatsiriza udokotala ku Howard University mu 1968.

Akuphunzira ntchito, ankayenda pakati pa zipatala ziwiri, cha Harlem ndi cha Columbia University. Mzinda umodzi womwewo, koma ku Harlem anthu osaona anali mbwee, pamene ku Columbia anali owerengeka. Sanangodandaula ayi, anachita kuwerengera, monga momwe timachitira katundu akamasowa pa benchi. Anapeza kuti khungu linkagwira anthu akuda kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi azungu, ndipo iwo anati gwero lake n'kusowa chithandizo. Nthawi imeneyo chipatala cha Harlem sichinkachita n'komwe opaleshoni ya maso. Iwo ananyengerera aphunzitsi awo a ku Columbia kuti azikachita opaleshoni ku Harlem kwaulere, ndipo zinatheka. Mu 1976 anayambitsa ndi anzawo bungwe la American Institute for the Prevention of Blindness, lomwe mfundo yake ndi yoti kuona ndi ufulu wa munthu aliyense. Njira yawo inali yophunzitsa anthu wamba kuyeza maso, n'kuwatumiza kumene kuli okalamba ndi ana, osadikira kuti wodwala apeze yekha ya basi.

Tsono imvani izi. Atalembedwa ntchito ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, kumene anali mayi woyamba pakati pa aphunzitsi a za maso, anawaloza ofesi ya m'chipinda cha pansi, pafupi ndi nyama zoyesera mankhwala. Dokotala wathunthu! Sanakalipe kapena kutukwana. Anangonena kuti malowo ndi osayenera, mpaka anawapatsa ena. Amene tinapatsidwapo malo a kuseri, kufupi ndi dzala, pamene abambo ali ndi mabenchi a pachipata, tikumva. Pofika 1983 mayi yemweyu anali akutsogolera maphunziro a madokotala a maso, woyamba mwa amayi m'dziko lonselo.

Chimene amadziwika nacho kwambiri ndi kachipangizo kotchedwa Laserphaco Probe, kamene kamasungunula ng'ala ndi kuwala kwa laser n'kuiyamwa kudzera pakabowo kakang'ono. Mu 1988 boma linawapatsa chikalata chotsimikiza kuti nzeruyo ndi yawo, ndipo anali dokotala woyamba wachizimayi wakuda ku America kulandira chikalata chotere pa zachipatala. Anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 76.

Ng'ala imeneyi ili pakati pathu. Tili ndi amayi m'magulu mwathu amene anasiya kulemba m'buku, ena akubweza chenji molakwika, n'kumangoti ndi ukalamba. Ng'ala imachotsedwa, ndipo opaleshoni yake si ya tsiku lonse. Chimene chimawagwira ambiri ndi ndalama yoyendera, ya iwo ndi ya wowaperekeza. Pempho lathu kwa akomiti ndi loti pokambirana za thumba la zadzidzidzi chaka chino, ulendo wa kuchipatala cha maso ulembedwemo.